Kalata Yopanda Deti ya Achimwene

Pa fakitale ya a Haji Bahgat ku Mahalla, kumene tinkawomba matawulo ndi nsalu zoyala pabedi, munthu ankasayina kalata yosiya ntchito tsiku lomwe walembedwa ntchito. Kalatayo sinkakhala ndi deti. Inkalowa m'kabati yachitsulo mu ofesi yoyang'anira antchito, n'kumadikira tsiku limene mabwana adzatope naye munthuyo. Palibe ankadabwa nazo. Ukakana kusayina, pageti pankakhala anthu ena khumi ofuna malo omwewo. Kiyi wa kabatiyo ndinkasunga ine, Ensaf, kalaliki wa ofesiyo.

Ntchitoyo anandipezera ndi achimwene anga, a Zaghloul, amene ankagwira pansi, m'chipinda chachikulu cha makina owombera nsalu. Anthu ankawatchula Osta Zaghloul, monga timatchulira mmisiri aliyense wodziwa ntchito yake. Bambo athu atamwalira, iwo anasiya sukulu kuti ine ndiphunzire za mu ofesi, ndipo sankalola kuti ndiiwale zimenezo. Anali munthu wamtali, wosamva bwino chifukwa cha phokoso la makina, choncho ankalankhula ngati akukalipa ngakhale pokupatsa moni. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo lamba wa makina anawadula zala zitatu za dzanja lamanja. Anaphunzira kulumikiza ulusi ndi dzanja lamanzere, nabwerera pamakina awo. Chikwerereni ine masitepe opita ku ofesi, dzina langa kwa iwo linali Madamu a Pamwamba.

Bwana wanga anali a Rifaat, amene anachokera ku Cairo. Anali munthu wonunkhira, wa nsapato zowala, ndipo zenera la ofesi yawo silinkatsekulidwa poopa fumbi la thonje. Kwa zaka zitatu zimene ndinagwira nawo ntchito sindinawaonepo atalowa m'chipinda cha makina. Antchito ankawatchula ndi manambala a mafailo awo.

Nkhani inayamba m'nyengo yotentha, a Rifaat atandipatsa chidziwitso choti nditayipe. Chinkanena kuti kuyambira mwezi wotsatira, wowomba aliyense aziyang'anira makina asanu ndi atatu m'malo mwa asanu ndi amodzi. Za amene adzatsale opanda makina sichinanene, koma aliyense akanatha kudziwa yekha. Ndinatsika nacho pa nthawi yopuma kukachimata pakhoma la kantini. Anthu anali pamabenchi akudya buledi ndi nyemba, ndipo ndisanamalize kumata, achimwene anali ataima kale kumbuyo kwanga.

“Tiwerengereni mokweza, Madamu,” anatero. “Ifetu ndife mbuli. Tiuzeni zimene mwatilembera.”

“Sindinalembe ndine, achimwene. Ine ndangotayipa.”

“Mwamva anthuni? Wangotayipa.” Anatembenukira anzawo, kenako n'kubwerera kwa ine. “Iwe unayamba waimapo pakati pa makina awiri okha? Ulusi ukaduka uku, uko waduka kale, kapitawo ali pamsana pako akuloza nsalu yowonongeka. Ndiye akhale asanu ndi atatu? Abwana akowo akufuna timere manja angati?”

“Kafunseni iwowo. Masitepe mukuwadziwa.”

Anthu ena anaseka, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa. Anazula kachidutswa ka thonje m'tsitsi mwawo n'kukaika pa mpango wanga wakumutu.

“Tenga, ukawaonetse. Mwina sanalionepo thonje chibadwire.” Ndiye ananena mokweza kuti kantini yonse imve: “Ndinasiya sukulu ine kuti ndiphunzitse galu wa a Rifaat.”

Apo anthu anaseka kwambiri kuposa poyamba. Mkazi wawo, alamu anga a Awatef, amene ankagwira kosokera m'mphepete mwa matawulo, anaseka mpaka kugwira pamimba. Ndinakwera masitepe, ndipo thonjelo ndinalichotsa nditafika pamwamba.

Sabata imeneyo achimwene anayenda ndi pepala m'zipinda zonse, kulemba mayina a anthu ofuna kuti pakhale komiti yolankhulira antchito. Ankalibisa m'thumba la buledi, koma pafakitale palibe chobisika. Kapitawo wina anakaulula. Lamlungu m'mawa, tsiku loyamba la ntchito kwathu kuno, ndisanaike n'komwe chikwama pansi, a Rifaat anandiitana.

“Madamu Ensaf, nditengereni kalata ya 214.”

Nambala imeneyo ndinkaidziwa. Ndinatsekula kabati, ndinaitulutsa, ndinaiika patebulo lawo. Pepalalo linali litayamba chikasu. Pansi pake panali siginecha ya achimwene, yokongola, yokhala ndi mchira wautali, mmene ankasayinira kale.

“Lembanipo deti la lero,” anatero a Rifaat, akundikankhira cholembera.

“Bwana, amenewa ndi achimwene anga.”

“Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikufuna dzanja lanu. Munthu anganene kuti bwana wamunamizira, koma mlongo wake weniweni?”

Ndinaima osasuntha. Iwo anatsekula dilowa ya tebulo lawo, natulutsa pepala lina, naliyala pambali pa loyambalo. Linali langa. Makalata a ife a mu ofesi ankawasunga okha.

“Cholembera ndi chimodzi, makalata ndi awiri,” anatero. “Sankhani msanga, ndili ndi ntchito zina.”

Ndinalemba. Ndikhoza kunena kuti ndinaganizira ana anga awiri aakazi, popeza bambo awo anapita ku Libya n'kusiya kuimba foni, ndipo zimenezo ndi zoona. Koma ndikunama ndikanena kuti zinali zokhazo. Mawu aja akuti galu anali akadali otentha m'khutu mwanga, ndipo dzanja langa silinanjenjemere. Ndinadinda chidindo, ndinajambula kope ya kalata ya achimweneyo, ndinaitumiza kugeti.

Lolemba m'mawa mlonda anawaletsa achimwene kulowa. Ndinkaonera pazenera. Mlondayo anawapatsa kope ija mwamanyazi, akuyang'ana kumbali. Achimwene anaiyang'ana nthawi yaitali. Manambala anandiphunzitsa kulemba ndi iwo omwewo ndili mwana, choncho sanafunike kufunsa munthu. Anakweza mutu n'kuyang'ana zenera langa, ine n'kubwerera m'mbuyo.

Pofika teni koloko makina onse anali atazima. Anayamba a m'chipinda chowombera, kenako onyika nsalu mu utoto, kenako osoka. Nyumba ija inkanjenjemera tsiku lonse pansi pa mapazi athu, ndiye itangoti zii, makapu a tiyi anasiya kulira pashelefu, ndipo a Rifaat anatuluka mu ofesi yawo kudzafunsa ngati magetsi athima. Anthu oposa mazana atatu anatuluka n'kukhala pansi m'bwalo la fakitale. Achimwene anakhala kunja, pa mpando wa wogulitsa tiyi, moyang'anana ndi geti.

Masiku onse amenewo ndinkadutsa pakati pawo m'mawa uliwonse. Amuna ankangondiyang'ana, koma amayi osoka sankandisiya. Ankamenya zivundikiro za mapoto ndi masipuni, ndipo ndikangotulukira pageti nyimbo inkasintha.

“Patukani, patukani, akudutsa a Madamu,” ankatero alamu anga. “Musawadetse nsapato. Lero mwabwera kudzalembera ndani, alamu? Ineyo? Nambala yanga ndi 87, musavutike kufufuza.”

“Ndisiyeni ndidutse, alamu.”

“Dutsatu. Unadya m'nyumba mwanga zaka zisanu iwe. Ndinakuchapira zovala za sukulu ndi manja awa. Ndikanadziwa ndikanakuthirira mankhwala a makoswe mu tiyi.”

Mayi wina analavulira pafupi ndi phazi langa. Wina anandikoka chikwama. Ndinakwera masitepe.

Pamwambapo sipanali pabwino kuposa pansi. A Haji Bahgat anali ku Alexandria kunyanja ndi banja lawo, ndipo ankaimba foni ola lililonse, chifukwa panali matawulo a kasitomala wakunja amene ankayenera kukwera sitima sabata yotsatira. Akamaliza kukalipidwa, a Rifaat ankakalipira ine. Lachiwiri analamula kuti atseke mpopi wa m'bwalo ndi zimbudzi. Dzuwa la mwezi umenewo limaotcha ngakhale chitsulo, ndipo pofika masana mayi wina wachikulire anakomoka. Anthu a m'nyumba zoyandikana anayamba kuponyera mabotolo a madzi pamwamba pa mpanda. Lachitatu anandiimika pazenera ndi kope.

“Inu mumawadziwa nkhope. Lembani onse amene akhala kutsogolo.”

Ndinalemba mayina khumi ndi awiri, anthu akundiona. Wina analoza, bwalo lonse linakuwiza, mwala unagunda khoma pafupi ndi zenera. A Rifaat anawerenga mayinawo n'kunena kuti ndasiya dala dzina la alamu anga. Zinali zoona. Analiwonjezera okha.

Lachinayi kunabwera mkulu wa ku ofesi ya boma yoona za antchito, a Fikri, munthu woonda wotopa, amene malaya ake anali atanyowa ndi thukuta. Ananena kuti akufuna kumva mbali zonse m'chipinda chimodzi. Kwa nthawi yoyamba achimwene anakwera masitepe athu, ali ndi amuna ena awiri a komiti yawo. Anakana mpando. Ine ndinakhala pakona ndi kope, kulemba zokambidwa.

“Nkhaniyi ndi yaifupi,” anayamba a Rifaat. “Munthuyu anasiya yekha ntchito Lamlungu. Kalata yake nayi. Ndiye wasintha maganizo, akusokoneza anzake.”

A Fikri anatenga kalatayo, naiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. “Osta, siginecha iyi ndi yanu?”

“Ndi yanga,” anayankha achimwene mokweza. “Ndinasayina zaka khumi ndi zinayi zapitazo, ndili ndi dzanja.” Anamenyetsa dzanja lawo lamanja patebulo, pamwamba pa mafailo. Panali chala chachikulu ndi chaching'ono basi. “Ndipatseni cholembera, bwana, muone ngati ichi chingalembe mchira umenewo.”

A Fikri anawapatsa cholembera ndi pepala. Achimwene anayesa ndi dzanja lamanja, cholembera chinagwa. Anasayina ndi lamanzere, zilembo zopindika ngati za mwana wa sitandade wani. A Fikri anaika mapepala awiriwo pamodzi.

“Akuchita dala,” anatero a Rifaat. “Anthu awa ndimawadziwa, akafuna amalemba bwinobwino. Komanso ine ndili ndi mboni. Mlongo wake ali apayu. Anasayina pamaso pake, deti analemba ndi iyeyu.”

A Fikri anatembenukira kwa ine. “Mayi, n'zoona?”

“N'zoona, n'zoona,” anandiyankhira a Rifaat, akugogoda dilowa yawo ndi chala kuti ndione.

Achimwene sanandiyang'ane n'komwe. Ankayang'ana khoma, ngati munthu amene akudziwa kale chimene galu achite. Sindinganene kuti ndinagwidwa chifundo. Ndinapsa mtima ndi onse awiri, wina wondiyankhira ndi wina wondiweruza ndisanatsekule pakamwa.

“Deti ndinalemba ndine, Lamlungu, atandilamula,” ndinatero. “Achimwene sanabwere kuno. Kalatayo yakhala m'kabati umo kuyambira tsiku limene analembedwa ntchito. Mulinso ena oposa mazana atatu, a munthu aliyense amene ali m'bwalomo.”

A Rifaat anaimirira. “Mayi uyu ndi wabodza. Agwirizana pachibale kuti aipitse fakitale. Ndakhala ndikumukayikira kalekale.”

“Khalani pansi, bwana,” anatero a Fikri. “Kiyi ali kuti?”

Ndinamutulutsa m'chikwama. A Fikri anatsekula kabati okha, natulutsa mulu woyamba, nayamba kutembenuza mapepala limodzilimodzi, onse osayinidwa, onse opanda deti. Mmodzi wa amuna a komiti aja anaona lake n'kutukwana. Achimwene anatuluka osandilankhula.

A Haji Bahgat anafika Loweruka, atapsa ndi dzuwa lakunyanja, ndipo anakhala ndi komitiyo mpaka nthawi ya swala, pemphero la madzulo. Phokoso la kukangana kwawo linkamveka m'bwalo. Pomaliza anagwirizana kuti makina akhale asanu ndi awiri, achimwene abwerere, makalata onse abwezedwe kwa eni ake, ndipo aliyense amene ananyanyala ntchito asachotsedwe. Anthu ena anadandaula kuti asanu ndi awiri ndi ochulukabe, achimwene n'kuwakalipira kuti amene akudziwa kukambirana kuposa iwo akwere yekha masitepe.

Tsiku lotsatira anandituma kukagawa makalatawo, popeza ndinali ine wodziwa dongosolo lake. Ndinaima pakhomo la kantini ndi katoni, kuitana mayina. Ena ankang'amba pomwepo, ena ankapinda bwinobwino n'kuika m'thumba. Palibe anandiyang'ana m'maso. Alamu anga anatsomphola lawo m'manja mwanga.

“Usadikire zikomo,” anatero. “Unalavula chifukwa chinakutsamwa.”

Katoni itatha ndinakwera pamwamba. Patebulo panga panali kalata yanga, ili ndi deti lolembedwa ndi dzanja la a Rifaat, ndi chidindo. Makalata a mu ofesi aja sanali m'kabati, choncho a Fikri sanawaone.

“Siyani kiyi pamenepo,” anatero a Rifaat ali pakhomo la ofesi yawo. “Mlonda akuonereni chikwama potuluka. Ndipo mukafuna kalata yokuchitirani umboni kwina, bwerani, ndidzalemba zonse zimene ndikudziwa za inu.”

Ndinatuluka makina akulira kale. Shifiti ya m'mawa itaweruka ndinawapeza achimwene kwa wogulitsa tiyi uja, akusewera madomino ndi a komiti. Pamalo amenewo sipakhala akazi, koma ndinapita mpaka patebulo pawo n'kuwaikira kalatayo pamwamba pa madomino.

“Andichotsa,” ndinatero mokweza kuti amve.

Anaiyang'ana osaigwira. “Ndamva.”

“Ndiye komiti yanu ikuti chiyani?”

“Pamgwirizano tinalemba kuti aliyense amene ananyanyala ntchito. Iwe unanyanyala? Ife tikupsa ndi dzuwa, iwe unali pazenera ndi kope.”

“Ndikanakhala chete Lachinayi, bwenzi muli pakhomo lero.”

“Ukanapanda kulemba deti, bwenzi Lachinayi kulibe.”

“Akanalemba okha a Rifaat, mukudziwa zimenezo.”

“Akanalemba okha, inde,” anatero, ndipo mawu awo anatsika kwa nthawi yoyamba chiyambire kuwadziwa. “Akanalemba iwowo ndikanaseka. Koma iwe.”

Amuna enawo ankayang'ana m'makapu mwawo. Ndikanatha kupepesa pamenepo, ndipo mwina zikanatha. Koma ndinali ndi zanga.

“Tsiku limene ndinkasayina iyi, ndani anaima kumbuyo kwanga?” ndinafunsa. “Ndinakufunsani kuti achimwene, bwanji ilibe deti? Munati sayina, usafunse mafunso, ndakuvutikira mokwanira. Mwanditukwana zaka zonsezi chifukwa cha mpando umene munandikhazikapo nokha. Dzina langa munaliiwala pamgwirizano, kapena munalisiya dala?”

“Ndinalisiya,” anatero. Anachotsa kalata yanga pamadomino ndi chala, n'kuuza mnzawo kuti aponye.

Ndinapita kwa a Fikri ku ofesi yawo. Anandilandira bwino, anandigulira tiyi, koma anandiuza mosabisa kuti nkhani yanga ndi ya kukhoti, ndipo ikhoza kutenga zaka. Siginecha yanga sinasinthe, dzanja langa ndi lathunthu, ndipo mboni yoti inene kuti sindinasayine sabata imeneyo panalibe, kupatula achimwene amene sindikanawapempha. Ndinafunsa awiri a mu ofesi amene tinkamwa tiyi limodzi. Wina anati amayi ake akudwala, wina anasiya kuyankha foni.

Miyezi isanu ndinakhala ndikusoka m'mphepete mwa matawulo pakhomo, a kafakitale kena kakuseri kwa siteshoni, mpaka msana unayamba kundivuta. Kenako ndinapeza ntchito yotayipa kwa loya wina wokalamba amene amatenga milandu ya antchito. Malipiro ndi ochepa, koma amatsekula zenera. A Rifaat akadali pa mpando wawo. Ndimamva kuti olembedwa kumene masiku ano amakasayina mapepala awo ku ofesi ina ku Tanta, kumene komiti singafike.

Pa Idi yoyamba achimwene anatumiza nyama. Ndinaibweza. Pa yachiwiri sanatumize. Tikapita kumanda a makolo athu, iwo amapita m'mawa, ine masana.

Chaka chathachi chifuwa chinawagwira. Dokotala anati ndi fumbi la thonje, ndipo sangabwererenso pamakina. Fakitale inayamba kunena kuti matendawo ndi a fodya, kuti isawalipire chipepeso. Tsiku lina masana ndinamva kugogoda kunyumba, ndinatsekula, ndinapeza alamu anga ataima ndi thumba la pulasitiki lodzaza mapepala. Anali ataonda.

“Akuti iwe ukudziwa mmene amalembera zodandaula,” anatero, akuyang'ana chitseko osati ine.

“Akutero ndani?”

“Anthu.”

“Achimwene akudziwa kuti mwabwera kuno?”

“Akadziwa andipha. Ulemba kapena sulemba? Ndilibe nthawi yoima pakhomo pa anthu.”

Sindinawauze kuti alowe, iwonso sanapemphe. Ndinatenga thumbalo, ndinayang'ana mapepalawo nditaima pomwepo. Munali zambiri zosafunika, ndipo chofunika kwambiri munalibe. Ndinawauza kuti apite kuchipatala cha chifuwa akatenge lipoti lokhala ndi chidindo cha dokotala wamkulu, osati la kakiliniki kafakitale, ndipo abwere nalo Lachitatu ku ofesi ya loya, isanakwane naini.

“Lachitatu ndili pa shifiti ya m'mawa,” anatero.

“Sinthanani ndi wina.”

Anang'ung'udza, anakonza mpango wawo, natsika masitepe. Lachitatu anafika ofesi isanatsekulidwe.